Bawa ya padenga ku Lusaka: yankho langa kwa mphunzitsi wa ku Chadiza

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mphunzitsi wina wamkazi wa ku Chadiza, amene anandipempha kuti ndisatchule dzina lake, ndipo sindilitchula. Mwezi wa Julayi akupita ku Lusaka kukachita maphunziro a masiku asanu, ndipo anzake amene adzakhale nawo kumeneko apangana kale pa WhatsApp kuti Lachisanu madzulo, maphunzirowo akadzatha, adzapite kukacheza ku bawa ya pamwamba pa nyumba yosanja, imene iwo akungoitchula kuti rooftop. Kalata yake inali yaitali, koma mtima wake unali m'mawu awa: "Amayi, ine mowa sindimwa, ndimaimba kwaya kutchalitchi kwathu, ndipo chibadwire sindinalowepo m'malo otere. Ndikakana, anzanga adzati ndine wakumudzi. Ndikavomera, ndikuopa kukachita manyazi. Kodi ndipite? Ndikavale chiyani, nanga nditenge ndalama zingati?"

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Ine ndinagwira ntchito ku Lusaka zaka zingapo ndisanabwerere kuno ku Chipata, ndipo malo amene mukunenawo ndinakwerako kangapo. Tsiku lina ndinatsikako wokondwa, tsiku lina ndinatsikako misozi ikulengeza m'maso. Yankho langa ndi lakuti mukhoza kupita, ndipo ndingakonde kuti mupite, koma musaponde sitepe yoyamba musanadziwe mmene mudzalipirire, nthawi imene mudzatsike, ndi amene adzakufikitseni kumene mukugona. Za zovala ndi zazing'ono, ndipo tidzazidutsa mwamsanga. Chimene chimagwetsa mlendo m'malo amenewa ndi ndalama ndi njira yobwerera.

Ndiyambe ndi chimene amagulitsa kumwambako, chifukwa si chakumwa chokha ayi. Ife a ku Chipata tinazolowera kuona tauni yathu kuchokera pamwamba popanda kutulutsa ngwee. Munthu akakwera phiri la Kanjala dzuwa litapendeka amaona madenga a misika, mzikiti, matchalitchi ndi njinga zikupiringizana mumsewu, ndipo palibe amene amabwera kudzamufunsa kuti amwa chiyani. Lusaka ndi wosiyana. Mzindawo, umene unakhala likulu m'chaka cha 1935 boma la atsamunda litasamuka ku Livingstone, unamangidwa pamtunda wathyathyathya, wokwera pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pamlingo wa nyanja, ndipo mulibe mapiri ngati athu amene amazinga tauni mbali zonse. Wofuna kuona patali ayenera kukwera nyumba ya munthu wina, ndipo mwini nyumbayo amadziwa bwino kuti ali ndi chinthu chosowa. Kwa zaka zambiri ana a kum'mawa akafika ku Lusaka ankatengedwa kukaona Findeco House, ya nsanjika 23, kumapeto kwa Cairo Road, n'kumaiyang'ana khosi lili chagada. Masiku ano anthu safunanso kuyang'ana nyumba zazitali ali pansi, akufuna kukhala pamwamba pake n'kumayang'ana anzawo pansi. Choncho Fanta imene mumagula pa kantemba ku Chadiza mudzaipeza kumeneko pa mtengo wowirikiza kawiri kapena katatu, osati chifukwa chakuti m'botolomo aikamo china, koma chifukwa mukulipirira mpando, kamphepo, chikepe, jenereta, mlonda wa pachipata ndi mnyamata woika nyimbo. Mukadziwiratu zimenezi simudzadzidzimuka akakupatsani menyu.

Malo ochezera usiku a mtundu umenewu sachuluka m'kati mwa tauni, kumene masitolo akatseka anthu amabalalika ndipo kuyenda pansi usiku si nzeru. Ambiri ali cha kum'mawa kwa mzinda, m'mbali mwa Great East Road, msewu wathu womwewu, kuzungulira Manda Hill, Arcades ndi East Park pafupi ndi yunivesite ya UNZA, ndiponso m'madera a Northmead, Rhodes Park, Longacres ndi Kabulonga. Ena ali pamwamba pa mahotela, ena pamwamba pa nyumba za masitolo za nsanjika ziwiri kapena zitatu zokha, ndipo khalidwe lake limasiyana kwambiri. Ku hotela nthawi zambiri kumakhala bata, nyimbo zili pansipansi, anthu a m'maofesi akudya ndi kukambirana. Kwina n'kovina, phokoso lake loti mnzako uyenera kumukuwira m'khutu. Komanso malo amodzi omwewo amasintha nkhope: 18 koloko mumapeza anthu akujambula dzuwa likulowa, koma ikamakwana 23 koloko matebulo akankhidwira kumbali ndipo alowa anthu ena amene anayambira kumwa kwina. Afunseni anzanuwo dzina la malowo tsopano lino, muwayang'ane pa Facebook, muone zithunzi zake ndi mitengo ya zakudya, ndipo ngati pali nambala ya foni, imbani mufunse ngati Lachisanu amalipiritsa polowa.

Mawu akuti "wakumudzi" andikhudza kuposa ena onse m'kalata yanu, ndipo ndikufuna muwachotse mumtima musanakwere basi. M'zaka za m'ma 1950 munthu wakuda pogula nyama m'masitolo ena a mu Lusaka ankagulira pawindo, osaloledwa kulowa pakhomo lalikulu, ndipo m'mahotela a azungu ankalowamo ngati wantchito chabe. Chipani cha African National Congress, motsogozedwa ndi Harry Nkumbula, chinalimbikitsa anthu kunyanyala masitolo oterowo, ndipo zitseko zinatseguka chifukwa makolo athu anakana kugulira pawindo. Ndiye mphunzitsi wolandira malipiro a thukuta lake asamaime pakhomo la malo alionse m'dziko lino ngati wopemphetsa. Kumbukiraninso kuti chinenero cha m'misewu ya Lusaka ndi Chinyanja, ndipo mtsikana wokuperekerani zakumwa mwina kwawo ndi ku Katete kapena ku Petauke. Mukamupatsa moni wa kwathu adzakusamalirani ngati m'bale wake. Anzanu Achibemba akayamba kukusekani za mbewa, chimenecho ndi chimbuya chathu cha masiku onse, muwabwezere za anyani, nkhani ithere m'kuseka.

Za zovala nazi. Pachipata pamakhala mlonda, ndipo malo ambiri salola patapata, makabudula a masewera kapena zovala zogwirira ntchito zakumunda. Diresi la chitenje losokedwa bwino, longa limene mumavala pa Nc'wala ku Mtenguleni kapena paukwati, ndi lokwanira, ndipo mudzaona kuti amayi a mu Lusaka amene amalemekezedwa amavala zomwezo. Tengani reji yanu, chiphaso cha boma chokuzindikiritsani, chifukwa lamulo la zamowa la 2011 silola kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo alonda ena amafunsa chiphaso kwa aliyense wooneka wamng'ono, ngakhale wobwera kudzamwa madzi. Chachikulu kuposa diresi ndi juzi. Julayi ndi mwezi wozizira, usiku wa ku Lusaka kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo padenga palibe khoma lotchinga mphepo. Ndaonapo atsikana ovala zopyapyala akunjenjemera chibwano chili gwedegwede, akukanirira pafupi ndi mbaula ya gasi, osaonanso chimene anakwerera. Valani nsapato zoti mukhoza kutsika nazo masitepe a nsanjika zisanu mumdima, chifukwa magetsi akazima chikepe chimaima, ndipo jenereta si nthawi zonse imachiyendetsa.

Tsopano ndikuuzeni za tsiku limene ndinatsika ndi misozi, chifukwa ndi pamenepo ndinaphunzira zonse zimene ndikulembazi. Tinali anthu asanu ndi atatu a mu ofesi imodzi, kumapeto kwa mwezi, malipiro atangolowa. Ine ndinaitanitsa zoziziritsa kukhosi ziwiri ndi mbale ya tchipisi, ndipo ndinali nditawerengera kale mumtima kuti zikwana zingati. Amuna atatu a pagulu lathu anaitanitsa botolo la whisky, limene linabwera m'kandowa ka madzi oundana, atsikana awiri atalinyamula m'mwamba, kamoto kakuthetheka pakhosi pake, matebulo ena onse akutiyang'ana. Litatha anaitanitsa lina. Itakwana nthawi yopita, bilu inabwera m'kachikwama kachikopa, mmodzi wa iwo anaitsegula, naitseka, n'kunena mosavuta kuti, "Tingogawana mofanana, tonse ndife amodzi." Ndinayang'ana nkhope za anzanga aakazi, onse maso ali pansi, palibe wotsegula pakamwa. Inenso ndinachita manyazi, ndinatulutsa ndalama zimene ndinasungira kutumiza kwa amayi anga kumudzi kuti agulire feteleza, n'kuziika patebulo.

Choipa sichinathere pamenepo. Ndalama ya takisi inapita nawo m'bilu muja, choncho ndinavomera kukwera galimoto ya mmodzi wa amene anamwa whisky uja. Ndinakhala kumbuyo nditagwira mpando ndi manja awiri, iye akudutsa maloboti ofiira ngati sakuwaona, akutembenuka kumandifunsa ngati ndasangalala. Ndinafika kunyumba wamoyo mwa chisomo cha Mulungu, koma usiku umenewo sindinagone, ndipo mwezi wonsewo ndinayenda wapansi kupita kuntchito kuti ndibweze ndalama ya amayi. Taonani, Aphunzitsi, kuti sindinamwe dontho la mowa, koma mowa unandipweteka m'thumba ndipo ukanandipha pamsewu. N'chifukwa chake sindivomereza munthu akamati, "Ine sindimwa, ndiye palibe chingandichitikire."

Chinandigwetsa tsiku lija ndi mtima wabwino umene tinaleredwa nawo. Kwathu mowa wa dima ukaphikidwa, chipanda chimazungulira kuchokera kwa wamkulu mpaka kwa wamng'ono, ndipo palibe amene amawerenga kuti uyu wamwa kangati. Nsima timadyera mbale imodzi, ndipo wonena kuti "ichi n'changa" pagulu timamuona ngati womana. Mtima umenewo ndi chuma chathu ndipo sindikuti muutaye. Koma pa dima aliyense anagwira khasu mofanana, pamene patebulo la ku Lusaka wina waitanitsa madzi, wina waitanitsa botolo la mtengo wa thumba la feteleza. Choncho mukangokhala pansi, woperekera zakumwa akabwera koyamba, muuzeni mokweza pang'ono kuti anzanu amve: "Bilu yanga ikhale payokha." Mawu amenewa akanenedwa poyamba sakhumudwitsa munthu, ndipo mudzaona ena akutsatira, chifukwa nawonso anali ndi nkhawa yomweyo koma amasowa woyamba. Akanenedwa pomaliza, bilu ili kale patebulo, ndi pamene amabala mkangano.

Pa funso lakuti mutenge zingati, werengerani kuchokera pa menyu imene mudzaone pa Facebook: zakumwa ziwiri kapena zitatu ndi mbale imodzi ya chakudya. Funsani ngati mitengo yolembedwayo yaphatikiza kale msonkho wa VAT, umene uli 16 peresenti, ndi 10 peresenti ya antchito imene mahotela ndi malo odyera ambiri amawonjezera pabilu, chifukwa ziwirizi zikabwera pamapeto zimatupitsa ndalama kuposa mmene munaganizira. Musakhale patebulo lolembedwa kuti lasungidwira ena kapena la m'kachigawo kotchingidwa ndi chingwe musanafunse, pakuti matebulo ena amafuna kuti wokhalapo agule botolo lathunthu. Bilu ikabwera iwerengeni mzere ndi mzere, monga mumachongera mabuku a ana, ndipo mukapeza chimene simunaitanitse nenani mofatsa. Malo ambiri amalandira Airtel Money, MoMo ya MTN ndi khadi la kubanki, koma netiweki imagwa nthawi imene mukuifunitsitsa, choncho khalaniko ndi ndalama ya pamanja. Ndalama ya takisi yobwerera, yowirikiza kawiri, muiike payokha, osati m'chikwama chimene mukulipirira, ndipo imeneyo musaikhudze ngakhale mnzanu atalira kuti zamuperewera.

Kusamwa mowa si vuto kumeneko. Zoziziritsa kukhosi zilipo, majuwisi alipo, tiyi ndi khofi zilipo, ndipo pali zakumwa zosakaniza zipatso zimene amazitcha mocktail, zobwera m'tambula yokongola yofanana ndi ya anzanu, koma zopanda mowa. Chenjerani ndi dzina lofanana nalo, cocktail, chifukwa m'menemo amathiramo mowa waukali monga vodka, gin kapena rum, umene mphamvu yake ili pafupifupi 40 peresenti, pamene mowa wa m'botolo monga Mosi uli pakati pa 4 ndi 5 peresenti. Shuga ndi zipatso zimabisa ukali wake, lilime limamva ngati juwisi, ndipo munthu wosazolowera amazindikira poimirira miyendo itafooka. Chimodzimodzinso cider, amene amakoma ngati chakumwa cha maapulo koma ali ndi mowa wofanana ndi wa m'botolo kapena kuposerapo. Poitanitsa nenani momveka kuti mukufuna chopanda mowa, ndipo chikabwera mufunsenso. Padzapezeka wina wonena kuti, "Ingolawani pang'ono, aphunzitsi, kuno si ku Chadiza." Muyankheni kamodzi kokha kuti, "Zikomo, ine sindimwa," popanda kupepesa ndiponso popanda kumulalikira. Munthu amene amapitiriza kukakamiza atamva yankho limenelo wakuonetsani khalidwe lake, ndipo ndi amene simuyenera kukwera naye galimoto.

Pali mwambo wina wa kwathu umene ndikufuna muunyamule popita kumwambako. Mayi wofulula mowa kapena thobwa amayamba walawa yekha pamaso pa anthu asanapereke chikho, kuti onse aone kuti mulibe choipa. Makolo athu ankadziwa kuti chakumwa ndi njira yapafupi yopwetekera munthu. M'mabawa a m'mizinda muli anthu amene amathira mankhwala ogonetsa m'tambula ya mkazi, kapena ya mwamuna amene akufuna kumubera, ndipo mankhwalawo nthawi zambiri saoneka ndiponso samveka fungo. Botolo litsegulidwe inu mukuona. Tambula yanu ikhale m'manja kapena pamaso panu, ndipo mukapita kuchimbudzi n'kuisiya, pobwera musaimwenso, itanitsani ina ngakhale mtima ukuwawa ndi mtengo wake. Mlendo wa patebulo lina akakutumizirani chakumwa muli ndi ufulu wokana mwaulemu, chifukwa ambiri otumiza amayembekezera kubwezeredwa mwa njira ina. Mukamva chizungulire kapena tulo tosadziwika bwino, musapite nokha kukapuma pakona, uzani mnzanu wamkazi nthawi yomweyo, mutsike limodzi, ndipo akuperekezeni kuchipatala. Musananyamuke ku malo ogona sankhani mnzanu mmodzi wamkazi, mupangane kuti mukwera limodzi ndipo mutsika limodzi, wina asasiye mnzake ngakhale zitakoma bwanji.

Ndikudziwa kuti ena owerenga pano amamwa, ndipo mawu awiri awa ndi awo. Chiwindi chimatha kuchotsa m'magazi mowa wa pafupifupi botolo limodzi laling'ono pa ola, ndipo khofi, madzi ozizira kapena kuvina sizifulumizitsa ntchito imeneyo. Kudya musanayambe kumachedwetsa mowa kulowa m'magazi, choncho musakwere ndi njala poopa mtengo wa chakudya, idyani nsima kumene mukugona. Padenga pozizira mowa umanyenganso mwa njira ina: umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kufunda, koma thupi likutaya kutentha kwake, ndipo ndi mmene ena amavulira jekete pakati pa usiku wa Julayi.

Mudzaonanso anthu akukoka utsi pa chipangizo chagalasi chokhala ndi paipi yaitali, chimene amachitcha shisha, fungo lake lokoma ngati maapulo kapena timbewu. Ambiri amakhulupirira kuti madzi a m'munsimo amasefa utsi, koma umenewo ndi fodya wotenthedwa ndi makala, ndipo utsi wa makala ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Paipiyo imadutsanso pakamwa pa anthu ambiri. Inu amene mawu anu ndi a kwaya ndi a m'kalasi, ikakufikani ipatsireni wina. Za m'mphepete mwa denga sindichulutsa mawu: mpanda wake, kaya ndi wagalasi kaya ndi wachitsulo, si wokhalira ndiponso si wotsamira pojambulitsa, ndipo mukangofika yang'anani kumene kuli masitepe, kuti chitachitika china musathamangire chikepe pamodzi ndi gulu.

Nkhani ya kwaya ndi yolemera, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Mipingo yathu kuno kum'mawa imasiyana pa nkhani ya mowa, ina imaletsa ngakhale kulowa pamalo pogulitsira, ina imaletsa kuledzera kokha. Ine sindingalowe m'malo mwa abusa anu kapena akulu a mpingo. Ngati chiphunzitso cha kwanu chimaletsa ndipo mtima wanu ukugwirizana nacho, musapite, ndipo anzanu muwauze zoona zake, osanamizira mutu kuwawa. Palibe chimene mudzataye chimene sichingapezeke tsiku lina masana pa malo odyera. Koma ngati mtima wanu ndi womasuka, pitani poyera, osati mozemba. Auzeni a kunyumba kwanu musananyamuke kuti Lachisanu mudzakhala kwakutikwakuti ndi akutiakuti, chifukwa chinthu chikachitidwa mobisa chimaoneka choipa ngakhale chili chabwino, ndipo chikadzamveka kudzera kwa ena mudzavutika kuchifotokoza.

Kumveka kudzamveka ndithu, chifukwa cha mafoni. Chithunzi chimene mnzanu adzajambule 21 koloko, inu mutakhala kuseri kwa mabotolo a anthu ena, chidzafika ku Chadiza inu musanawoloke mlatho wa Luangwa. Woona chithunzi sadziwa kuti m'tambula yanu munali juwisi, amangoona aphunzitsi a mwana wake pakati pa mowa. Pa boma laling'ono mphunzitsi alibe pobisala, makolo amamudziwa, amfumu amamudziwa, ana amamutsanzira. Apempheni anzanuwo poyambirira kuti asaike chithunzi chanu pa Facebook kapena pa WhatsApp musanachione, ndipo mukafuna chithunzi chokumbukira, imani chakumbali, mzinda uli kumbuyo kwanu, tebulo lisaoneke. Si chinyengo chimenecho, pakuti chimene munapitira ndi mzindawo, osati mabotolo.

Pobwerera gwiritsani ntchito takisi yoitanitsa pafoni monga Yango, kapena ya dalaivala amene a pamalo pamene mukugona amamudziwa. Ikani pulogalamuyo m'foni mukadali masana ndipo muiyeserepo kamodzi, kuti musaphunzire usiku manja akunjenjemera ndi mphepo. Foni ikhale yodzaza moto ndi mabandulo okwanira, ndipo dzina la malo ogona ndi msewu wake mulembenso pakapepala. Dikirani galimoto m'kati mwa chipata pafupi ndi mlonda, osati pamsewu foni ili m'manja, chifukwa otsomphola mafoni amadziwa nthawi imene anthu amatsika. Ikafika yerekezani nambala yake ndi imene yalembedwa pafoni musanatsegule chitseko, ndipo mukhale awiri. Galimoto ya munthu amene wamwa, ngakhale akhale wamkulu wa maphunziro anuwo, ngakhale alumbire kuti amayendetsa bwino akamwa, musakwere. Kumbukirani kuti Loweruka m'mamawa mabasi a kum'mawa amanyamuka ku Intercity kusanache bwino, ndipo kutsogolo kwanu kuli makilomita pafupifupi 570 kuti mufike ku Chipata, kudutsa mapiri ndi makona a pakati pa Rufunsa ndi Nyimba, musanayambe n'komwe ulendo wa ku Chadiza. Mukatsika 21 koloko kapena 22 koloko mudzakhala mwaona zonse zabwino za malowo, ndipo zotsala pambuyo pake si zimene munapitira.

Mwina mukudabwa kuti pambuyo pa machenjezo onsewa ndikunenabe kuti mupite. Chifukwa chake ndi madzulo ena a m'chaka cha 2024, chaka cha chilala chija, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Ndinapita ku Lusaka kukaona mng'ono wanga amene amakhala ku Mtendere, ndipo mnzanga wakale wa kuntchito ananditengera pamwamba pa hotela ina. Tinafika dzuwa lisanalowe, tinaitanitsa tiyi, n'kukhala pafupi ndi mpanda. Kumadzulo thambo linafiira ngati moto wa lupsa, nyumba zazitali za ku Cairo Road zinada bii ngati zitsa, ndipo pansi pathu magalimoto anali atandandalika mumsewu, nyali zofiira mbali imodzi, zoyera mbali ina, osamveka phokoso lake. Patali ndege inali kutsika cha ku bwalo la Kenneth Kaunda, kanyali kake kakuphethira. Kenaka mdima utagwira ndinaona chinthu chimene munthu woyenda pansi sangachione: mzindawo unali wamawangamawanga ngati chikopa cha nyalugwe. Kumene kuli masitolo aakulu ndi mahotela kunali mbee ndi majenereta, koma zigawo zazikulu za makomboni zinali zii, mongooneka timoto ta mbaula ndi tinyali ta m'manja.

Ndinamufunsa mnzangayo kuti Mtendere ili kuti, ndipo analoza dera lina lamdima. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, tiyi akuzizira m'kapu, ndikuganiza kuti m'kati mwa mdima umenewo mng'ono wanga akupemerera makala ndipo ana ake akulemba homuweki ndi nyali ya foni, pamene ine ndili pamalo owala moti singano itagwa ndikanaitola. Zaka zonse zimene ndinakhala ku Lusaka ndinkaudziwa mzindawo msewu ndi msewu, koma madzulo amenewo ndi pamene ndinauona wonse pamodzi. Mphunzitsi amene amauza ana za likulu la dziko lawo ayenera kuliona chotero kamodzi, ndipo ana a ku Chadiza adzamva kusiyana kwake pamene mudzawafotokozere.

Choncho anyengerereni anzanuwo kuti musadikire usiku. Mwezi wa Julayi dzuwa la ku Lusaka limalowa 18 koloko isanakwane, ndiye mufike cha m'ma 17, mipando ya m'mphepete isanadzaze ndiponso nyimbo zisanakwezedwe. Itanitsani tiyi kapena mocktail yanu, nenani za bilu, valani juzi, ndipo mukatha kuona kumadzulo mutembenukire kum'mawa. Mzere wautali wa nyali umene mudzauone ukutuluka mumzinda kulowera ku Chongwe ndi Great East Road, msewu umene basi yanu idzatsate m'mawa mwake.